Bondo la Amake Yamikani

Diepsloot, Joni
9 Malichi 2024

Okondedwa amake Yamikani,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa mwana wathu Yamikani ndi wa amayi. Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine cha fumbi la simenti chimene sichichoka pa munthu woyala matailosi.

Mudabwa kuona kalata ngati tabwerera m'nthawi ya Wenela. Chifukwa chake mukuchidziwa. Foni ndinatumiza ija ndinati ndi ya pakhomo, koma mlongo wanga Esnath anaisandutsa yake. Mawu alionse amene ndingakutumizireni amayamba kumva ndi iye, kenako amayi, inu n'kulandira zotsala. Ndiye ndapangana ndi a Gibson, otinyamulira katundu aja, kuti ulendo uliwonse azikupatsirani kalata m'manja mwanu, nanunso muziwapatsa yanu. Ndikufuna ndizicheza ndi mkazi wanga popanda bwalo lomvetsera.

M'chikwamamo mupeza mafuta ophikira, sopo, duku la amayi ndi nsapato za Yamikani. Nsapatozo ndangoganizira, chifukwa phazi limene ndikulidziwa ine ndi la chaka chatha. Zikakula muikemo thonje, zikachepa musandiuze. Juzi yofiirayo ndi yanu. Ndikudziwa kuti juzi singalowe m'malo mwa Khirisimasi imene ndinalonjeza n'kusabwera, ndipo nkhani imeneyi ikundivutabe mumtima.

Tsopano za kachewere wathu wa kuphiri. Mwati wakhwima ndipo mukufuna kuchita hayala ngolo yotsitsira matumba kumsewu. Ndakana, Vero, ndipo musandione ngati wouma mtima. Eni ngolo a ku Biriwiri akangomva kuti mwamuna ali ku Joni, mtengo umakwera pomwepo ngati ng'ombe zawo zimadya mpunga. Phindu lonse lithera kwa iwo. Muzisenza pang'onopang'ono, theka la thumba m'mawa, theka lina madzulo. Esnath akuthandizeni ngati foni ingamulole. Njira ya pakhwawa ija ndikuidziwa kuti imaterera nyengo ino, choncho muziponda mosamala.

Ndikanatha kutumiza ya ngoloyo ndikanatumiza. Bwana amene timamugwirira ntchito sanatilipirebe nyumba imene tinamaliza mwezi watha, akuti mwini nyumba ndiye akuzengereza. Palinso za mapepala anga, koma zimenezo tidzakamba pamaso.

Ogula a ku Blantyre asakuthamangitseni ndi mtengo wawo woyamba. Akaona kuti simukutekeseka amabwerera okha. Mbewu yodzala kudimba musankhiretu musanagulitse.

Mumupsompsone Yamikani. Amayi muwauze kuti ndimawakumbuka.

Ndine wanu,
Bizwell


Diepsloot, Joni
14 Epulo 2024

Okondedwa amake Yamikani,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu a Gibson andipatsa, ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mapindidwe. Ndasangalala kumva kuti nsapato zakwana ndiponso kuti kachewere yense anafika kumsewu. Mwagwira ntchito ya anthu atatu.

Koma zoti munaterereka pakhwawa paja katundu ali pamutu zandidula mtima. Mwalemba kuti phazi linakanirira pakati pa miyala thupi n'kupotokera kwina, ndipo munamva chinachake chikulira mkati mwa bondo. Mwatinso kutupa kunaphwa, kuyenda mukuyenda, koma mukati mupinde mwendo kumapweteka kuseri kwa bondo ngati mwakanikizira mwala pamenepo. Ndikanalola ngolo ija... koma zachitika kale, tiyeni tione za mankhwala.

Ndafunsafunsa kwa anzanga kuno, ndipo aliyense wasanduka dokotala. Wina akuti ndi mtsempha unakokeka, upola wokha. Wina akuti ndi nyamakazi yobwera ndi mphepo ya kumapiri kwathuko. Mayi wina wogulitsa mankhwala pakona wati ndi ukalamba, ndiye ndamuuza kuti mkazi wanga akamva zimenezo akwera basi kudzamuona yekha. Kwa mayi yemweyo ndagula mafuta otentha opaka ndi bandeji. Muzipaka m'mawa ndi pogona, n'kumanga osathinitsa. Za chipatala cha ku boma tadikirani kaye. Ulendo wake ndi wodya ndalama, ndipo mwina mukangopatsidwa panado amene mungagule pagolosale.

Kuno kwayamba kuzizira. Ntchito tapeza ina, nyumba yaikulu ya zimbudzi zambiri kuposa anthu ogonamo. Lachitatu kunabwera galimoto ya apolisi ofunsa mapepala. Ine ndi a Maynard, bambo wachikulire wa ku Tsangano amene amatikandira simenti, tinabisala m'bafa losamaliza mpaka dzuwa kupendeka. A Maynard anagona tulo mmenemo, mkonono ndithu, ine thukuta lili kamukamu. Musade nkhawa, zinadutsa.

Ndalama za kachewere musamwaze. Mugule feteleza wa kudimba mitengo isanakwerenso, zotsala musunge za chimanga pokolola. Amayi mwezi uno sanandiimbire kawirikawiri, ndipo ataimba anangoti pali nkhani koma adzanena bwino. Kodi pakhomo pali mtendere?

Ine mwamuna wanu,
Bizwell


Diepsloot, Joni
26 Meyi 2024

Amake Yamikani,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Amayi anena nkhani ija. Akuti kuyambira mwezi watha munasiya kugwada. Chakudya mukuwapatsa choimirira, mwangowerama pang'ono, kapena mumatuma mwana. Akuti anapirira osanena kanthu. Koma Lachinayi lapitali kunabwera amayi a mvano kudzacheza nawo, ndipo inu munawalonjera muli chilili, madzi osamba m'manja n'kuwapatsanso chimodzimodzi. Mmodzi wa alendowo anafunsa amayi ngati mtengwa wawo anakulira m'tauni. Anati, "Mkazi wako ndalama za ku Joni zamulowa m'mutu. Akundipatsa madzi ataimirira ngati akumwetsa ng'ombe."

Ndinawauza za bondo. Anayankha kuti bondo lodwala silipita kudimba kukathirira, silipita kuchigayo, nanga limadwala pokhapokha likaona apongozi?

Vero, ndili pakati. Amayi mukuwadziwa. Chimwalirireni bambo, chimene chinawatsalira pamudzi paja ndi ulemu basi. Ndi iwo amene anagulitsa mbuzi za malemu kuti akupempheni kwa akwanu ku Champiti mudzakhale kwathu chitengwa, pamene amuna ambiri amakakhala kwa akazi awo. Anthu anawaseka kuti akutaya chuma, iwo anati apeza mwana wamkazi wachiwiri. Lero anthu omwewo akuwaseka kachiwiri.

Ndinene mosabisa. Ine kuno ndimagwada kuyambira m'mawa mpaka madzulo pasimenti ya anthu amene sadziwa ngakhale dzina langa. Maondo anga anachita zikang'a. Ndikamaweruka ndimayenda ngati nkhalamba, koma m'mawa ndimagwadanso, chifukwa cha inu ndi Yamikani. Ndiye inu kugwada kanthawi kochepa kopereka mbale kwa mayi wondibereka kukukanikeni? Kupweteka ndikuvomera kuti kulipo. Lumani mano, gwadani, dzukani, nkhani ithe. Mafuta aja mukupaka kodi? Ndatumiza botolo lina.

Chimanga mukakolola muthire mankhwala a anankafumbwe musanasoke matumba. Shuga ali m'chikwamamo mugawane ndi amayi, ndipo mukawapatse ndinu.

Ndaiwerenganso kalatayi ndipo sikundisangalatsa. Mawu ake ndi olimba kuposa mmene ndimafunira. Ndikanalemba ina, koma a Gibson akupakira kale katundu panja.

Bizwell


Diepsloot, Joni
16 Juni 2024

Okondedwa amake Yamikani,

Ndikupereka moni kwa inu ndi Yamikani. Ndamva kuti anadwala malungo koma wachira. Zikomo pomuthamangitsira kuchipatala msanga, pamene ine bambo wake ndimangomva zinthu zitatha.

Yankho lanu linali lalifupi, ndipo ndamva chimene kufupikako kukunena. Mwati munayesa kugwada tsiku limene munalandira kalata yanga, misozi n'kutuluka yokha, ndipo podzuka munachita kugwira chitseko. Mwatinso kuseri kwa bondo kwatuluka chotupa ngati dzira, chimene chimalimba mukaimirira n'kufewa mukakhala pansi. Esnath akuti iye sanachione. Ndinamufunsa ngati anapempha kuti achione, anangodula foni.

Amayi apita nayo patali nkhaniyi. Anaitana ankhoswe, ndipo malume anu a Redson anabwera kuchokera ku Champiti, monga mukudziwa. Chimene mwina simukudziwa n'chakuti atatha kukambirana anandiimbira ine. Amayi ananena kuti pali njira ziwiri, mupepese mwamwambo kapena mubwerere kwanu mpaka ine nditabwera. Kupepesa kwake mwauzidwa: Loweruka la pa 13 Julayi, pamaso pa ankhoswe ndi amayi a mvano aja, mubwere ndi nkhuku, muyende chogwada kuchokera pakhomo la khitchini kufika pamphasa ya amayi, muwasambitse m'manja, muwalonjere alendo mmodzimmodzi. A Redson anafunsa kuti, "Nanga mwini mkazi akuti bwanji?" Onse anadikira yankho langa.

Ndinavomera, Vero. Ndibwino mumve kwa ine osati kwa Esnath.

Ndinaganiza za inu mutanyamula katundu kubwerera ku Champiti anthu akuonerera, dimba litatsala lopanda mwini, Yamikani atasiya sukulu pakati pa chaka. Ndinaona kuti bwalo lija ndi laling'ono, mungalidutse. Ndipo ndivomere, ndinaopanso kumva amayi akulira pafoni. Chitireni ine chimenechi. Likadutsa tsikulo ndidzatumiza ndalama mupite kuchipatala cha ku boma akaone chotupacho.

Wina kuno wati mwina munaponda mankhwala panjira, poti anthu ansanje ndi kachewere wathu sangasowe. Ine zimenezo sindikuzikhulupirira, ndipo musalole munthu akutemeni mphini pamenepo.

Nkhuku mugule yaikulu, yoti asapezepo chonena. Ntchito kuno ikuyenda mwa apo ndi apo. Chipinda ndasamuka, tsopano tikugona atatu, koma n'zabwinobwino.

Usiku tulo sindikupeza bwino. Ndimangoona ngati ndakugulitsani.

Wanu,
Bizwell


Diepsloot, Joni
7 Julayi 2024

Vero wanga,

Moni ndipereka mwachidule chifukwa nkhani ndi yofulumira. Musagwade Loweruka. Ndabwereza, musagwade.

Lachisanu pa nthawi yopuma ndinawafotokozera a Maynard za chotupa chanu. Anangopinda buluku lawo mpaka pantchafu n'kutembenuka, nati ndigwire. Kuseri kwa bondo lawo kuli chinthu chonga chimene munalemba, cholimba akaimirira. Ine ndagwira nawo ntchito nthawi yonseyi ndikuganiza kuti amakanda simenti chifukwa kuyala matailosi sakudziwa. Ndiye kuti anali mmisiri woposa tonsefe, anasiya chifukwa bondo linakana kupindika.

Akuti iwo anapotokola bondo potsika pamakwerero. Kuchipatala cha kuno anawauza kuti pakati pa mafupa a bondo pamakhala kanyama kolimba kokhala ngati kankhata, ndipo kakang'ambika bondo limatulutsa madzi ambiri. Madziwo amasowa kopita, n'kukadzikundikira kuseri m'kathumba. Munthu amayenda ndithu, kulima amalima, koma akapinda mwendo kathumbako kamapanikizika, ululu wake wosaneneka. Ndilo yankho la funso lija amayi ankafunsa, loti bondo lodwala limapita bwanji kudimba. A Maynard anakakamira kugwada poopa kuchotsedwa ntchito, kathumbako kanaphulikira mkati, mwendo wonse n'kutupa mpaka kuphazi. Anakhala miyezi osaponda pansi. Anawauzanso kuti kupweteka kwa malo amenewo nthawi zina kumakhala magazi oundana mumtsempha, amene angathe kupha munthu, n'chifukwa chake sipofunika kuchedwa nako kunyumba.

Ine ndinakuuzani kuti mudikire, ndinakutumizirani mafuta opaka, ndinakuuzani kuti mulume mano. A Maynard atamva za Loweruka anati, "Iwe mphwanga, imba foni pompano."

Ndinaimba dzulo. Anayankha Esnath n'kupatsira amayi. Ndisanatsegule pakamwa anayamba kundithokoza. Anati ndaonetsa kuti ndine mwana wa bambo anga, kuti anazira kale pakhonde, kuti amayi a mvano onse avomera kubwera, kuti tsopano akugona tulo. Anaseka, Vero, chiseko chimene sindinachimve chimwalirireni bambo. Ndinangofunsa za mbuzi ndi za nyengo, mayunitsi n'kutha. Ndalama yogulira ena ndinali nayo, koma sindinaimbenso.

Choncho ndikulembera inu. A Gibson anyamuka mawa, akuti akafika Lachinayi ngati pachipata sipavuta. Mukalandira kalatayi muuze a Redson kuti simungathe, muwaonetse chotupacho. Kapena munene kuti mwadwala, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndalama ya ulendo ili mu envulopu yomweyi, ndakongola kwa a Maynard. Mupeze njira iliyonse. Inu mumadziwa kulankhula ndi amayi kuposa ine.

Ndikhululukireni pa kalata ziwiri zapitazo.

Bizwell


Diepsloot, Joni
28 Julayi 2024

Okondedwa amake Yamikani,

Sindikudziwa ngati ndili woyenera kufunsa za moyo wanu, koma ndikufunsa. Mwendo uli bwanji? Mukugona? Yamikani wazolowera ku Champiti?

A Redson anandiimbira okha, ndipo sanandilonjere. Anandifotokozera zonse mwa dongosolo ngati akuwerenga mlandu. Akuti munatuluka m'khitchini mutavala juzi yofiira, beseni lili m'manja, n'kugwada pakhomo pomwepo. Akuti munadutsa bwalo lonse osatulutsa mawu, madzi osatayika. Munawasambitsa amayi, munapereka nkhuku, munalonjera mlendo aliyense. Amayi a mvano anayamba nthungululu. Ndiye amayi atanena kuti nkhani yatha, dzukani mwanangu, inu munati, "Pepani amayi, sindingathe."

Akuti poyamba ena anaseka, kuyesa mukupitiriza ulemu. A Redson ndiwo anaona kuti nkhope yanu yachita thukuta ndipo milomo yauma. Atakunyamulani anapeza mwendo wayamba kale kutupa kumunsi kwa bondo, ukutentha. Anabwereka ngolo kukutsitsirani kumsewu. Anandiuza kuti mwini ngolo sanalandire kanthu, ndipo anaonetsetsa kuti ndamva bwino pamenepo.

Za kuchipatala anandiuzanso. Akuti madokotala anayamba aopa magazi oundana, koma atakuunikani anapeza kuti ndi kathumba ka madzi kaja kanaphulika. Tithokoze Mulungu pamenepo. Koma akuti chong'ambika mkati chija chakula, bondo likumakanirira osawongoka, ndipo mwina pafunika opaleshoni ku Blantyre. Akuti mukuyendera ndodo. Anamaliza ndi mawu akuti mwana wa mlongo wawo anamutenga, ali kwawo, ndipo aliyense womufuna akafike kumeneko ndi miyendo yake.

Ndakhala ndikuwakalipira a Gibson mumtima. Ndikuganiza kuti anachedwa pachipata, kalata yanga n'kufika zinthu zitachitika kale. Foni yawo sikupezeka chinyamukireni kuno, ndiye sindinawafunse. Inafika liti, Vero? Ndikangodziwa kuti inachedwa mwina ndingapume pang'ono, ngakhale ndikudziwa kuti wolakwa si a Gibson.

Kuntchito ndikugwira ngati wogwidwa ndi tulo. Dzana ndinayala mzere wonse mokhota, bwana n'kundiphwasulitsa. Ndikagwada pasimenti ndimaona inu pabwalo paja.

Amayi akuimba tsiku ndi tsiku. Akuti sanadziwe kuti zinali zoona, akuti bwanji panalibe wowauza. Akufunsa kuti mubwerera liti, poti dimba layamba kuuma ndipo Esnath sakukwanitsa. Ine ndimangoti tiona.

Ndatumiza bulangete, mkaka wa ufa ndi chomangira bondo chimene a Maynard andisankhira. Kalatayi ndapatsira mnzawo wa a Gibson amene adutse ku Champiti. Musavutike kulemba zambiri. Ngakhale mzere umodzi.

Ine wolakwa,
Bizwell


Diepsloot, Joni
15 Sepitembala 2024

Okondedwa amayi,

Ndikupereka moni kwa inu ndi Esnath. Ndikhulupirira chifuwa chija chinasiya. Ine ndili moyo.

Aka n'koyamba kukulemberani kalata chibwerereni kuno. Ndapempha a Gibson kuti akuwerengereni okha mokweza, Esnath ali pomwepo, chifukwa pafoni ndikamva mawu anu ndimasanduka kamwana, zonena zanga n'kuthawa.

Mwakhala mukufunsa kuti bwanji panalibe wokuuzani kuti bondo la amake Yamikani linali lovulaladi. Woti akuuzeni analipo, amayi, ndi ine. Bondolo linavulala mu Malichi pamene ndinawakaniza ngolo n'kuwauza kuti azisenza kachewere pamutu. Kuchipatala ndinawaletsa ndine. Tsiku lija ndinaimba foni inu n'kumandithokoza, ndinali nditadziwa kale kuti akagwada avulala koopsa. Ndinaimbira kuti ndikuuzeni zimenezo. Nditamva mukuseka ndinafunsa za mbuzi.

M'malo mwake ndinalembera iwo kalata yowauza kuti asagwade, apeze njira yozembera. Miyezi iwiri yonseyi ndakhala ndikudzitonthoza kuti kalatayo inafika mochedwa. Sabata yatha a Gibson abwera ndi yankho la amake Yamikani. Ndi lalifupi, ndipo ndikukopererani lonse:

"Abambo a Yamikani, kalata yanu inafika Lachinayi, nthawi yabwino. Ndinaiwerenga. Koma munalembera ine, amene ndimadziwa kale kuti bondo likupweteka. Ofunika kuuzidwa anali amayi anu. Ndikanakana ndekha akanati ndi mwano womwe uja, ndipo inu mukanati muli pakati. Ndiye ndinagwada."

Palibe china analemba, ngakhale moni.

Amayi, sindikukuimbani mlandu. Inu munaona mtengwa akukupatsani madzi choimirira pamaso pa anzanu, ndipo munachita zimene munaphunzitsidwa. Munatilera movutika, ulemu wanu ndikuudziwa mtengo wake. Koma ine ndinafuna kuti inu mukhale okondwa nane, iwonso akhale okondwa nane, wolipira n'kukhala munthu mmodzi amene analibe womuyankhulira pamudzi pathu.

Tsopano mumve zimene ndatsimikiza. Madokotala awauza kuti ngakhale opaleshoni itatheka, asadzagwadenso. Si kwa inu, si kwa ine, si kutchalitchi. Amene akufuna kulankhulapo adzalankhule ndi ine.

Zoti abwerere ku Biriwiri musadikire. Sindinawapemphe ndipo sindiwapempha. Njira za kwathu n'zokwera ndi kutsika, munthu wa ndodo sangazithe, komanso sindingawabwezere pabwalo limene lija. Ndalankhula ndi a Redson kuwapempha malo oti ndimange kanyumba ku Champiti. Sanavomere, sanakane. Angoti ndikafike tikaonane, ndipo mwini wake ndiye akanene ngati akundifunabe. Mwina akandibweza. Ndipita ndithu.

Ndikudziwa zimene anthu anene, kuti mwana wa malemu wapita uchikamwini mbuzi za bambo ake zitapita kale. Ndikudziwa kuti zikupwetekani, ndipo pamenepa ndikupepesa. Munda wa kuphiri alime Esnath, dimbanso atenge. Thandizo lanu sindisiya, feteleza wa chaka chino ali kale m'manja mwa a Gibson. Mbuzi ziwiri zimene ndinagula ndi ndalama zanga mugulitse, ndalamazo mupatse a Gibson akasiye ku Champiti za ulendo wa ku Blantyre.

Ntchito ndauza bwana kuti ndisiya kumapeto kwa mwezi uno. Ndi mmene alili mapepala anga, ndikatuluka dziko lino sadzandilolanso kulowa kwa zaka. Ndaziganizira zimenezo.

Ndikatsika basi pa boma ndiyamba ndafika kwanu. Ndidzagwada pakhonde panu, ndidzakulonjerani monga mwa nthawi zonse, ndipo mudzanene zonse zimene zili kumtima kwanu, ndidzamvetsera. Koma musandiyalire mphasa, amayi. Tsiku lomwelo ndikagona ku Champiti, ngakhale pakhonde.

Ndine mwana wanu,
Bizwell